Nkhondo ndi Mtendere m'Dziko la Migodi

Agogo anga, atate ao a amai, anali ndi kanthu kena kamene sankalola mwana ali yense kukakhudza. Kanali kacitsulo kofiirira, kotalika ngati cala ca munthu wamkulu, ndipo kukamwa kwake anatsekako ndi kamtengo kosema. M'menemo ndimo ankasungamo fodya wao wa m'mphuno. Tsiku lina, ndikali mwana, ndinawafunsa kumene anakagula, ndipo iwo anaseka nati, "Zotere sagula m'sitolo, mdzukulu wanga. Ici ndi cigoba ca cipolopolo. Ndinabwera naco kucokera ku Burma." Mkulu wao, amene anakhala pa mpando capafupi, anatukula mutu nati, "Unabwera naco, inde, mphwanga. Koma anacikumba ndani? Si ine kodi?"

Mau amenewa sindinawamvetse pa nthawi ija, koma lero, pamene ndiri mphunzitsi, ndiona kuti anali mau oona. Cigoba ca cipolopolo amacipanga ndi mkuwa wosanganiza ndi citsulo cina cochedwa zinki. Pa nkhondo yaciwiri ya maiko onse, imene inayamba m'caka ca 1939 nitha m'caka ca 1945, mkuwa wambiri umene Angerezi anapangira zida zao unacokera m'migodi ya kuno. Tsono abale awiri aja, wina ankakumba pansi pa nthaka, wina ankaomba mfuti kutsidya kwa nyanja, ndipo onse awiri anali m'nkhondo imodzi. Magulu a nkhondo a maiko sanakomanepo m'miseu ya Kitwe kapena ya Ndola. Komabe nkhondo zakutali zakhala zikulowa m'nyumba za anthu a m'mizinda iyi, nthawi zina ndi ndalama m'manja, nthawi zina ndi maliro. Njira imene zinadzera ndi imene ndifuna kukuuzani, ana inu.

Kale dziko lino linali nkhalango ya Alamba, ya mitengo ya miombo ndi misuku, ndi culu cacikulu apa ndi apo. Mkuwa anthu ankaudziwa Azungu asanafike. Amisiri ankausungunula m'ng'anjo nasinthanitsa ndi nsaru ndi mikanda. Boma la Ndola linatsegulidwa m'caka ca 1904, ndipo njanji inafika m'dera lino m'caka ca 1909, pafupi ndi mgodi wakale wa Bwana Mkubwa. Koma cuma ceniceni cinali cobisika pansi patali, ndipo cinapezeka m'zaka za m'ma 1920, pamene akatswiri anaboola nthaka ndi makina. Mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya unayamba kutulutsa mkuwa m'caka ca 1931, wa Nkana mu 1932, wa Mufulira mu 1933, ndi wa Nchanga mu 1939. Mzinda wa Kitwe unamangidwa mu 1936 pambali pa mgodi wa Nkana. Motero Kitwe ndi mwana poyerekeza ndi Ndola.

Amuna anadza kucokera ku mbali zonse: Abemba, Alozi, Alunda, Ansenga, Acewa, Angoni, ndi ena a ku Nyasaland ndi ku Tanganyika. Cimene cinawacotsa kwao makamaka cinali msonkho, pakuti Boma linkafuna ndalama, ndipo m'midzi munalibe ndalama. Kunalinso cikhumbo ca bulangete, jekete ndi njinga. Agogo aakulu ananyamuka kwathu kufupi ndi Fort Jameson, umene lero ndi Chipata, naoloka Luangwa, nafika ku njanji, nalembedwa nchito pa mgodi wina wa kuno. Anagona m'komboni, nalandira phoso la ufa, nyemba, nyama ndi mcere. Malipiro ankawerengedwa ndi tikiti. Munthu akagwira nchito tsiku limodzi, kapitao ankalemba pa tikiti yake, ndipo masiku akakwana 30 ndipo ankalandira. Woyamba kumene nchito pamwamba ankalandira masheleni 12 ndi mapeni 6 pa tikiti yathunthu, ndipo wotsika pansi masheleni 22 ndi mapeni 6.

Migodi isanakhazikike n'komwe, inaonetsa khalidwe lake. Malonda a dziko lonse lapansi anagwa, mtengo wa mkuwa unatsika, ndipo anthu akuda ogwira nchito m'migodi, amene anali oposa 30,000 m'caka ca 1930, anatsala osakwana 7,000 pakutha pa 1932. Ambiri anabwerera kwao pansi, cimanjamanja. Cimene cinathandiza kudzutsanso migodi ndi cinthu cocititsa mantha: maiko a ku Ulaya anayamba kusula zida, pokonzekera kumenyana, ndipo anafuna mkuwa wambiri. Munthu wa m'komboni sanadziwe Hitler, sanadziwe Germany, koma anaona kuti akulembanso anthu pa cipata.

Nkhondo itayamba mu September 1939, Boma la Britain linapangana ndi eni migodi kuti ligule mkuwa wao pa mtengo woikika. Mkuwa unafunika pa zipolopolo, pa mawaya a lamya ndi a magetsi, m'ndege ndi m'zombo. Migodi inagwira nchito usana ndi usiku, nitulutsa matani oposa 200,000 pa caka m'zaka zoyamba za nkhondo. Koma zombo zimene kale zinkadza ndi nsaru, mabulangete ndi mapoto tsopano zinkanyamula asilikari ndi mizinga. Katundu anacepa m'masitolo, mitengo inakwera, ndipo tikiti ija inakhala monga momwe inaliri.

Kumidzi nako kunafika magalimoto a Boma kudzalemba asilikari, ndipo mafumu anauzidwa kuti apereke anyamata. Amuna pafupifupi 15,000 a dziko lino, limene pa nthawiyo linkachedwa Northern Rhodesia, anabvala yunifomu. Ambiri analowa m'gulu la Northern Rhodesia Regiment, ndipo mwina mudzakondwa kumva kuti cinenero ca gulu limeneli cinali Cinyanja, kotero kuti Mbemba, Mlozi ndi Mzungu wolamulira yemwe anayenera kuciphunzira. Mu August 1940 ena a iwo anamenyana ndi Mataliyana pa malo ochedwa Tug Argan m'dziko la Somaliland. Pambuyo pake ena anaoloka nyanja kumka ku Ceylon, kumene lero ndi Sri Lanka, ndipo mu 1944 analowa m'nkhalango za Burma kukamenyana ndi Ajapani.

Agogo aang'ono sankakonda kusimba za kuomberana. Tikawakakamiza ankatiuza za mvula. Ankati m'cigwa ca Kabaw mvula inkagwa sabata ndi sabata osakata, nsapato zinkaolera kumapazi, misundu inkakwera m'miyendo, ndipo malungo anagwetsa amuna amphamvu amene cipolopolo sicinawakhudze. Ankatiuzanso kuti kumeneko anaona Mzungu akulira ndi mantha, akuitana amai ake, monga alira munthu ali yense. Cinthu cimeneci, iwo ankati, sanaciiwale, ndipo atabwera kwao sanathenso kuopa khungu la munthu monga ankaopera kale.

Koma mwazi woyamba umene nkhondo iyi inakhetsa pakati pa anthu a ku migodi sunakhetsedwe ku Somaliland kapena ku Burma. Unakhetsedwa ku Kitwe. M'mwezi wa March 1940 Azungu ogwira nchito m'migodi ya Mufulira ndi Nkana ananyanyala nchito, nati zinthu zakwera mtengo, ndipo patapita masiku owerengeka anapatsidwa zambiri zimene anapempha. Anthu akuda anaona zonsezi. Iwo anadziwa kuti Mzungu wa pansi pa mgodi ankalandira pa masiku awiri ndalama zoposa tikiti yathunthu ya munthu wakuda woyamba nchito. Eni migodi analonjeza kuonjezera masheleni 2 ndi mapeni 6 pa tikiti, koma anthu anakana, napempha masheleni 10 pa tsiku. Anatinso, ngati Azungu ayesa kuti ndiwo atulutsa mkuwa, atsike okha tsiku limodzi, ndipo anthu akuda atsike okha tsiku lina, kuti zioneke amene adzatulutsa wambiri. Pempho ili silinayankhidwe.

Sitalaka sinali cinthu cacilendo konse, pakuti mu 1935, Boma litakweza msonkho wa anthu a m'migodi, kunali sitalaka ina, ndipo ku Luanshya apolisi anapha anthu 6. Ya 1940 inaposa imeneyo. Ku Mufulira anchito anasankha amuna 17 kuti awatsogolere ndi kusunga bata, ndipo amuna amenewa anagwira nchito yao bwino, kotero kuti kumeneko sikunafe munthu. Ku Nkana zinthu zinapita kwina. Pa 3 April, pamene anthu ocepa amene sananyanyale anaima pa mzere kulandira malipiro ao pa ofesi ya komboni, khamu lalikulu la onyanyala linasonkhana pomwepo ndi mkwiyo. Apolisi anaponya utsi wokhetsa misozi, umene anthu ambiri anali asanauonepo, ndipo m'malo mobalalika khamu linayamba kuponya miyala. Pamenepo asilikari anaomba mfuti. Anthu 17 anafa, ndi ena oposa 60 anabvulala.

Taganizani, ana inu, za cinthu ici. Asilikari aja anali a Northern Rhodesia Regiment, ana a m'midzi yomweyo imene anchito anacokerako. Zipolopolo zao zinali m'zigoba za mkuwa. Ine sindiwaweruza, pakuti msilikari wozingidwa ndi khamu naye ali ndi mantha ake. Mlandu waukulu uli pa iwo amene anali ndi mphamvu yakumva dandaulo masiku akalipo, koma sanafune kukhala pansi ndi anthu. Boma linatuma akuluakulu, wapampando wao Sir John Forster, kuti afufuze, ndipo malipiro anakwerako pang'ono. Agogo aakulu, amene naonso ananyanyala pa mgodi wao, ankati akakumbukira mwezi umenewo nsima siwakomera. Abale awiriwa ankatsutsana za zinthu zambiri, koma nkhani ya Nkana ikachulidwa onse ankangoti cete.

Nkhondo yomweyo inadzetsanso alendo amene anthu sanawayembekeze. Kuyambira m'caka ca 1943 sitima zinatsitsa Azungu a mtundu wina pa Bwana Mkubwa, kufupi ndi Ndola, pamene mgodi wakale unali utatsekedwa. Anali anthu a ku Poland, oposa 1,000, ambiri a iwo akazi ndi ana. Dziko lao linagawidwa pakati pa Germany ndi Soviet Union mu 1939. Iwowa anatengedwa mokakamiza kumka ku Siberia ndi madera ena ozizira koopsa, ndipo atamasulidwa anayenda ulendo wautali kudzera ku Persia, kumene lero ndi Iran, kufikira Angerezi anawapezera malo m'maiko a Afirika. Misasa ina inali ku Lusaka, ku Abercorn ndi ku Fort Jameson. Anthu a kuno anazolowera kuona Mzungu ali ndi khukhi ndi mnyamata wa m'dimba; tsopano anaona akazi acizungu osauka, akulima, kusoka ndi kuweta nkhuku ndi manja ao. Mlendo ndi mame. Nkhondo itatha misasa inatsekedwa, ndipo ambiri anamka ku Britain ndi ku maiko ena, koma manda a anzao anatsala m'nthaka ya Ndola.

Mtendere unadza mu 1945, ku Ulaya m'mwezi wa May, ku Asia m'mwezi wa August. Asilikari anabwera ndi mamendulo pa cifuwa, ndi bokosi, ndi ndalama pang'ono zimene zinatha msanga. Agogo aang'ono anakhala kumudzi dzinja limodzi, ndipo mudzi unawacepera. Anatsata mkulu wao kuno, napeza nchito yoyendetsa galimoto, imene anaphunzira ku usilikari. Koma pofuna kugula nyama m'tauni anauzidwa kuti aime panja nagulire pa zenera, cifukwa khomo linali la Azungu. Munthu amene anaoloka nyanja kukamenyera Mfumu George sanaloledwe kuoloka ciundo ca sitolo. Mtendere uja unali woona, pakuti mfuti zinaleka kulira. Koma m'mitima ya anthu ambiri munalibe bata.

Apa ndipo anthu a ku migodi anacita cinthu canzeru cimene, m'kuona kwanga, ciyenera kukumbukika koposa sitalaka za mwazi zija. Anaphunzira kuti mutu umodzi susenza denga, ndi kuti khamu lopanda atsogoleri ndi losabvuta kuliombera. M'caka ca 1947 Boma la Britain linatuma William Comrie, munthu wa ku Scotland, kudzaphunzitsa anchito makhalidwe a bungwe la anchito: kulembetsa maina, kusonkha ndalama mwezi ndi mwezi, kusankha atsogoleri, ndi kukambirana ndi eni nchito pa tebulo. Mu 1949 nthambi za migodi inai zinaphatikizana nizikhala bungwe limodzi la anchito akuda a m'migodi, ndipo mtsogoleri wake anali Lawrence Katilungu, amene kale anali mphunzitsi, nakhalanso womasulira mau pa Nkana. Cakumapeto kwa 1952 bungweli linaitanitsa sitalaka. Migodi yonse inaima masabata atatu, anthu anakhala m'nyumba zao mwabata, ndipo mfuti sizinalire. Nkhani inaperekedwa kwa woweruza wapadera, C. W. Guillebaud, amene kuciyambi kwa 1953 analamula kuti malipiro akwere kwambiri. Katilungu anafa pa ngozi ya galimoto mu 1961. Nyumba ya bungwe la anchito a m'migodi ku Kitwe inachedwa dzina lake, Katilungu House.

Pali cinthu cina cimene sitiyenera kubisa. Eni migodi anatha kulipira ndalama zimenezi mosabvuta cifukwa mtengo wa mkuwa unali utakwera, ndipo cimodzi ca zifukwa zake cinali nkhondo ina, ya ku Korea, imene inamenyedwa kuyambira 1950 kufikira 1953. M'zaka zimenezo m'makomboni munalowa njinga, makina osokera ndi mawailesi. Nyumba za njerwa zinamangidwa, ndipo amuna ambiri anaitanitsa akazi ndi ana ao kucokera kumidzi, naleka kudziyesa alendo a tikiti zowerengeka. Amai anga anabadwira kuno, ndipo Cibemba anacidziwa bwino ngati Cinyanja. Ndikaganiza kuti nsapato zoyamba za m'banja lathu zinagulidwa pa nthawi imene midzi ya ku Korea inali kupsa, mtima wanga sukhala m'malo. Agogo sanalakwe pogwira nchito yao. Komabe ndi bwino kuti munthu adziwe kumene mvula yogwa m'munda mwake yacokera.

Tsopano ndifika pa usiku umene unadziwitsa dzina la Ndola ku dziko lonse lapansi. Malire a Congo ali pafupi kwambiri ndi mizinda yathu. Dziko limenelo linalandira ufulu kucokera kwa Abeljiyamu pa 30 June 1960, ndipo pasanapite masabata awiri Moïse Tshombe analengeza kuti cigawo ca Katanga, cimene naco ciri ndi mkuwa wambiri, capatuka nicikhala dziko palokha. Cipwirikiti cinabuka, ndipo Azungu othawa anadzaza miseu yolowa kuno ndi magalimoto ao. Bungwe la United Nations linatumiza asilikari kukasungitsa mtendere, koma mu September 1961 asilikari amenewa anayamba kumenyana ndi a Katanga. Mlembi Wamkulu wa bungweli, Dag Hammarskjöld, munthu wa ku Sweden, anatsimikiza mtima kukaonana ndi Tshombe maso ndi maso kuti aletse nkhondoyo. Malo okomanirana anasankha Ndola.

Ndege yake inanyamuka ku Léopoldville, umene lero ndi Kinshasa, madzulo a pa 17 September, muli anthu 16. Pakati pa usiku patangopita pang'ono, anthu amene anali kudikira pa bwalo la ndege la Ndola anaona nyali zake zikudutsa pamwamba, ndipo woyendetsa analankhula ndi a pa bwalo kuti ali kutsika. Ndege inakhota kuti itere, ndipo sinaonekenso. Inagwa m'nkhalango pafupi makilomita 15 kucokera pa bwalo. Cinthu codabwitsa ndi ici, kuti ngakhale malowo anali pafupi cotere, akuluakulu a Boma sanafikepo kufikira masana a tsiku lotsatira, patapita maora pafupifupi 15. Hammarskjöld anapezeka atafa pafupi ndi culu. Munthu mmodzi yekha, mlonda wa ku America dzina lake Harold Julien, anapezeka wamoyo, atapsa kwambiri, ndipo anamwalira m'cipatala patapita masiku owerengeka. Caka comweco Hammarskjöld anapatsidwa mphotho ya Nobel ya mtendere, iye ali m'manda.

Kodi cinagwetsa ndegeyo nciani? Akuluakulu ofufuza a Boma la Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland anati woyendetsa analakwitsa, natsika kwambiri. Ofufuza a United Nations mu 1962 anati sangathe kunena motsimikiza. Koma usiku umenewo m'nkhalango munali anthu. Munali otentha makala, amene amagona pafupi ndi mauvuni ao kuti moto ungaononge makala, ndipo m'komboni ya Twapia anthu ena anali asanagone. Ena a iwo ananena kuti anaona ndege yaciwiri, yaing'ono, ikuuluka pafupi ndi yaikuluyo, ndi kuti anaona moto m'mwamba ndege isanagwe. Mmodzi wa mboni anali Timothy Kankasa, mlembi wa komboni ya Twapia, amene pambuyo pake anakhala nduna ya Boma la Zambia. Ofufuza a Citaganya sanaike mtima pa umboni wa anthu amenewa. Anawayesa osadziwa zinthu, kapena odana ndi Boma.

Panapita zaka zoposa 50 mau ao asanapatsidwe ulemu wake. Kuyambira 2015 United Nations inapatsa nchito yofufuzanso nkhaniyi Mohamed Chande Othman, amene anakhalapo mkulu wa oweruza onse ku Tanzania. Iye anawerenganso umboni wakale, ndipo m'malipoti ake, kuyambira la 2017, ananena kuti nkotheka ndithu kuti ndegeyo inaukiridwa kapena kuopsezedwa ndi ena ali kunja kwake, ndi kuti maiko ena akali kusunga makalata amene sanawaulule. Mlandu sunathe. Pa malo a ngoziyo pali munda wa cikumbutso, ndi mulu wa miyala, ndi culu cija. Ndipo ku Mindolo, mu Kitwe, kuli nyumba ya mabuku imene inamangidwa m'dzina lake. Pamene ndinapita ndi ana a kalasi langa kukaona malowo, mtsikana wina anandifunsa cifukwa cake maina a otentha makala aja sadziwika monga lidziwika dzina la mlendoyo. Ndinamuuza kuti afunse agogo a kwao ku Twapia zimene anamva, nazilembe m'kope lake.

Zambia inalandira ufulu pa 24 October 1964, ndipo anthu anayesa kuti tsopano apumula. Koma pa 11 November 1965 Ian Smith analengeza yekha ufulu wa Southern Rhodesia popanda cilolezo ca Britain, ndipo njira ya kumwera, imene malasha ndi petulo zinkadzera ndi mkuwa unkatulukira, inakhala yosadalirika. Petulo anayamba kugulitsa moyeza, ndipo magalimoto aakulu anasenza migolo kucokera ku Dar es Salaam pa mseu wafumbi umene unapha oyendetsa ambiri. Cifukwa ca bvuto limeneli anaika paipi ya mafuta yotalika makilomita 1,710 kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, imene inatha mu 1968, ndipo mu 1973 anatsegula fakitale ya Indeni yoyenga mafuta. Mu 1975 nkhondo ya ku Angola inatseka njanji ya Benguela, imene inkanyamula mkuwa wathu kumka ku nyanja ya kumadzulo. Pa nyengo yomweyo mtengo wa mkuwa unagwa, ndipo unakhala pansi zaka zambiri.

Zaka zimene zinatsatira makolo anu azidziwa bwino, ndipo mungathe kuwafunsa za mizere ya sopo, mafuta ophikira ndi ufa. Mu December 1986, Boma litakweza mtengo wa ufa, cipolowe cinabuka ku Kitwe nicifalikira ku Ndola ndi mizinda ina, ndipo anthu 15 anafa. Ambiri anaopa kuti dziko lathu lidzatsata njira ya anansi athu. Koma mu October 1991 anthu anaponya voti, nasankha Frederick Chiluba, amene anagwira nchito ku Ndola nakwera kudzera m'mabungwe a anchito, ndipo Kenneth Kaunda, atalamulira zaka 27, anabvomera napereka mpando popanda mfuti kulira. Mtendere umenewu sunadze ndi cuma. Mafakitale ambiri a ku Ndola anatsekedwa m'zaka za m'ma 1990, migodi imene Boma linali litatenga inagulitsidwanso, kugulitsako nikutha m'caka ca 2000, ndipo amuna zikwi zambiri anacotsedwa nchito. Ena anabwerera ku midzi imene sanabadwireko. Ena anakalima m'nkhalango za Alamba, kapena kutentha makala.

Agogo awiri aja sanabwerere kwao ku Chipata. Anakalambira m'nyumba imodzi ya m'komboni, wamkulu akutsokomola cifukwa ca pfumbi la pansi pa mgodi, wamng'ono akudandaula za miyendo nthawi ya mvula. Madzulo ankakhala pa khonde natsutsana za amene anaona zowawa zoposa. Wamng'ono ankati, "Inu akulu, munkagona pa bedi, ife tikugona m'matope." Wamkulu ankayankha, "Iwe unapita zaka zitatu nubwera ndi mendulo. Ine ndinatsika m'dzenje zaka makumi awiri, ndipo anandipatsa ciani?" Akatero ankagawana fodya wa m'cigoba cija, nayetsemula, nayamba nkhani ina. Wamkulu ndiye anatsogola kumwalira, ndipo wamng'ono anamtsata mvula isanagwe kawiri.

Mkuwa ukali kukumbidwa. Magalimoto aatali amene muwaona pa mseu wa Kitwe ndi Ndola, atasenza zitsulo zofiira zomangidwa ndi malamba, amka nao ku madoko a Dar es Salaam, Durban ndi Walvis Bay, ndipo wambiri umathera ku China. Masiku ano ufunika koposa pa mawaya a magetsi, pa mafoni, ndi pa magalimoto oyendera batire, ngakhale osula zida sanaleke kuugula. Cigoba ca agogo anandisiyira ine. Ndimacitenga kumka naco m'kalasi pophunzitsa phunziro ili, ndipo ana amapatsirana kucokera pa benchi loyamba kufikira lotsiriza. Kamtengo kotsekera kaja kanatayika kale, koma wocinunkhiza amamvabe fungo la fodya.